Tsiku limene Bedford yanga inakana kulira ku Chamama

Unali m'mawa wa mwezi wa Julaye, kuzizira kwa kuno ku Kasungu kutafika pachimake, pamene lole yanga inakana kulira itasenza kale mabelo a fodya opita kumsika wa Chinkhoma. Tinali titapakira katunduyo dzulo lake madzulo pamudzi wina wa kufupi ndi Chamama, ndipo eni fodya anali atadzuka m'bandakucha kuti tinyamukire limodzi. Nditapotoza kiyi ndinangomva kugunda kumodzi kuti gu! m'mbali mwa injini, kenako kunangoti zii. Ndinabwereza kachiwiri ndi kachitatu, ndipo kachitatuko kunamveka kugogoda kofulumira ngati munthu akumenyetsa msomali palata, uku timagetsi ta pa dashibodi tikuphethira. Injini sinasunthe n'komwe.

Loleyi ndi Bedford MJ, imodzi mwa malole amene asilikali a ku Britain anagwiritsa ntchito kwa zaka zambiri, ndipo atawapumitsa ambiri mwa iwo anagulitsidwa n'kufika kuno ku Africa. Mtundu wa MK ndiwo unayamba cha m'ma 1970, ndipo MJ inabwera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, yonse yopangidwa ku Dunstable m'dziko la England. Injini yake ndi ya dizilo ya masilinda 6 ndi malita 5.4, matayala onse anayi amakoka, ndipo asilikaliwo ankaiwerengera katundu wa matani 4. Ine ndinaigula chifukwa cha misewu yathu ya m'midzi, imene nthawi ya dzinja imasanduka phala, pomwe malole ena amaima kumsewu wa tala n'kumadikira kuti katundu abwere pangolo. Kampani ya Bedford inasiya kalekale kupanga malole, choncho chipangizo chilichonse chimene chili pa lole imeneyi ndimachiona ngati chamtengo wapatali, ndipo sindichitaya ndisanatsimikize kuti chafadi.

Chinthu chimene munthu wozolowera pikapu kapena minibasi ayenera kudziwa ndi chakuti magetsi a loleyi ndi a ma volt 24. Muli mabatire awiri a ma volt 12, olumikizidwa mondondozana, negative ya lina kupita ku positive ya linzake, kotero kuti moto wonse wopita ku sitata umayenera kudutsa m'mabatire onse awiri. Injini ya dizilo ilibe mapulagi oyatsira mafuta ngati ya petulo. Imadalira kupanikiza mpweya m'masilinda mpaka utatentha kwambiri moti dizilo akangopoperedwamo amayaka yekha, ndipo kuti kutentha kumeneko kukwane, sitata iyenera kuzungulitsa injini mofulumira ndithu. M'mawa wozizira zonse zimakhala zokutsutsa: oyilo amakhala wolimba, zitsulo za injini zimamwa kutentha kwa mpweya wopanikizidwawo, ndipo batire lenilenilo limapereka moto wochepa kuposa masana. N'chifukwa chake vuto limene lakhala likubisala chaka chonse limadzaonekera mu Juni kapena Julaye, nthawi yomweyo imene msika wa fodya uli mkati ndipo mwini lole sangakwanitse kutaya ngakhale tsiku limodzi.

Kunena zoona zizindikiro zinalipo. Kwa miyezi iwiri sitata inkazungulira molemera m'mawa, ndipo kangapo ndinkapotoza kiyi kawiri isanagwire. Anthu amene anasonkhana pa lole m'mawa umenewo onse ananena chinthu chimodzi, kuti sitata yafa ndipo ndikagule ina ku Lilongwe. Wina anafuna kuimenya ndi hamala, wina anatenga sipanala kuti agunditse mabawuti a pa solenoid (kaswichi ka pa sitata kamene kamalumikiza moto wa mabatire munthu akapotoza kiyi), ndipo anyamata ena anali atayamba kale kuitanizana kuti tiikankhe. Ndinawaletsa onsewo, n'kutuma mnyamata wothandiza pa lole kuti akwere kabaza akatenge amakaniko ena achikulire amene anagwirapo ntchito zaka zambiri pa mathirakitala ndi malole a m'maesiteti a fodya a kuno.

Iwo anafika ndi kachikwama ka masipanala ndi kamita kakang'ono koyezera magetsi. Asanagwire kanthu kalikonse anandiuza kuti ndipotoze kiyi kamodzi kokha, iwo atatchera khutu pafupi ndi injini. Kenako anati, "Achimwene, tisathamangire kumasula sitata. Sitata imanamiziridwa milandu yambiri imene inapalamulidwa ndi mabatire ndi nthambo." Anandifotokozera kuti kulira kwake kumanena zambiri. Ngati munthu wapotoza kiyi koma osamva kalikonse, ndiye kuti uthenga sukufika ku solenoid, ndipo pofufuza ndi pa swichi ya kiyi, pa fyuzi, pa kawaya kakang'ono kopita ku solenoid, kapena pa swichi yaikulu yodulira mabatire imene malole a asilikali amakhala nayo. Kugogoda kofulumira kumasonyeza kuti moto ndi wochepa: solenoid imakoka, sitata n'kuyamba kumwa moto wochuluka, mphamvu n'kugwa, solenoid n'kutaya, mphamvu n'kubwerera, ndipo zimabwerezabwereza choncho kangapo pa sekondi imodzi. Kugunda kumodzi kokha ndiye kovuta kukumasulira, chifukwa kungachokere ku mkuwa wopsa wa m'kati mwa solenoid, ku mabulashi (timakala todutsitsa moto m'kati mwa sitata) otha, kapena ku injini imene yakakamira. Sitata ikamazungulira yokha mopepuka injini ili chete, vuto limakhala pa bendix, kagiya ka kumapeto kwa sitata, ndipo ikamakukuta ngati chigayo chopera miyala, mano ake sakulumana bwino ndi mano a flywheel, chigudumu cha kumbuyo kwa injini chimene sitata imazungulitsa. Yanga inali itaonetsa mitundu iwiri ya kulira m'mawa umodzi, ndipo iwo anati zimenezi zikutanthauza kuti mwina mavutowo ndi oposa limodzi.

Choyamba anafuna kutsimikiza kuti injini yeniyeniyo ili bwino. Anaika giya pa nyutulo, tinatsekera matayala ndi miyala, iwo n'kulowa pansi ndi sipanala yaikulu kuti azungulitse injini ndi manja. Inazungulira molimba monga mmene dizilo imachitira, koma popanda kukakamira paliponse. Zimenezi zinandikhazika mtima pansi, chifukwa madzi akalowa mu silinda kudzera pa gasiketi yophulika, pisitoni imalephera kukwera, ndipo munthu akaumiriza ndi sitata amatha kupinda chitsulo cha m'kati mwa injini. Kuyesa kumeneku sikutenga mphindi zisanu, koma amakaniko ambiri achinyamata amakudumpha.

Atatero anatsegula bokosi la mabatire. Ine ndinali nditayezapo kale mabatirewo sabata yapitayo, onse awiri pamodzi, n'kupeza pafupifupi ma volt 25, ndipo ndinakhutira kuti ali bwino. Iwo anayeza lililonse palokha. Lina linaonetsa 12.8, linzake 12.0. Batire lodzaza bwino likapuma limaonetsa cha m'ma 12.6, ndipo likatsika kufika pa 12.0 ndiye kuti moto wambiri watha kale, ngakhale kuti kusiyanako kumaoneka kochepa pamita. Koma anati muyeso wa batire lopuma suuza munthu zonse, popeza batire lodwala limatha kuoneka lamoyo mpaka ulipatse ntchito. Anasiya nsonga za mita pamitu ya batire lofookalo, n'kundiuza kuti ndipotoze kiyi. Manambala anagwa nthawi yomweyo kufika pansi pa 7. Linzake lija, poliyesa chimodzimodzi, linaima pamwamba pa 11. Batire labwino la ma volt 12 siliyenera kutsika kupitirira cha m'ma 9.6 pamene sitata ikukoka, ndipo popeza awiriwa ali pamzere umodzi, kufooka kwa limodzi kunali kufooka kwa onse.

Mabatirewa ndinawagula tsiku limodzi, mtundu umodzi, ndiye ndinafunsa kuti, "Nanga bambo, zatheka bwanji kuti limodzi life linzake lili bwino?" Iwo sanayankhe msanga. Anatsatira ndi chala kawaya kofiira kochepa kamene kanali kolumikizidwa pa nthambo ya pakati pa mabatire awiriwo, n'kukapeza kuti kakulowa m'kabini. Kawayako ndinakadziwa. Wailesi imene ndinaika m'lolemo ndi ya ma volt 12, chimodzimodzi potchajira mafoni, ndipo amene anandilumikizira anatenga moto pa batire limodzi lokha, lija limene negative yake imapita ku chassis. Ndinavomera chifukwa zinkagwira ntchito ndipo aliyense amachita choncho. Pa nthawi ya msika lole imatha kugona pamzere usiku wonse, wailesi ikulira, mafoni a alimi asanu kapena asanu ndi mmodzi akusinthana potchajira, ndipo moto wonsewo unkachoka m'batire limodzi.

Choipa chake chimaonekera potchaja. Alternator ya loleyi, imene imatchaja mabatire injini ikamalira, imatulutsa cha m'ma 28 volt, ndipo imaona mabatire awiriwo ngati chinthu chimodzi. Moto umene imatumiza umadutsa mofanana m'mabatire onse, choncho lija lodzaza limapitirira muyeso n'kumawiritsa madzi ake, pomwe lotapidwalo silifika podzaza ngakhale lole itayenda kuchoka ku Kasungu mpaka ku Kanengo. Batire limene limakhala losadzaza kwa miyezi limachita zokakamira zolimba pamapuleti ake, ndipo pang'onopang'ono limasiya kulandira moto. Titatsegula zivindikiro tinapezadi kuti madzi a m'batire lamphamvulo anali atatsika mpaka mapuleti kuyamba kuonekera. Kawaya kamodzi kanali kakuwononga mabatire onse awiri, lina ndi njala, lina ndi kukhuta. Ndimaona mawaya otere pa malole ambiri amene timakumana nawo pamzere ku Chinkhoma, ndipo ndikukhulupirira kuti eni ake ambiri amene amadandaula kuti mabatire a masiku ano sakhalitsa ali ndi vuto lomweli.

Tinabwereka batire la thirakitala pa esiteti ina yapafupi n'kuliika m'malo mwa lofookalo. Nditapotoza kiyi sitata inazungulira, koma molemera, ngati ng'ombe yokoka ngolo pamchenga, ndipo injini sinagwire. Anthu aja anayambanso kunena za sitata. Apa ndi pamene amakanikowo anachita chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Anayeza pamabatire pamene ndinkaliza, n'kupeza ma volt oposa 21, kenako anayeza pa sitata penipeni, pakati pa bawuti yaikulu ndi thupi lake, n'kupeza 17 yokha. Ma volt anayi ankasowera m'njira. Kuti apeze posowerapo, anaika nsonga imodzi ya mita pamutu wa negative wa batire ndipo inayo pathupi la sitata. Malo awiriwa ndi olumikizana, choncho nthambo zikakhala zabwino mita iyenera kuonetsa pafupifupi ziro, kapena osapitirira theka la volt pamene sitata ikukoka. Inaonetsa pafupifupi 3.

Chimene chimapusitsa anthu n'chakuti nthambo yotere imaoneka yabwino ndi maso, ndipo magetsi akutsogolo, hutala ndi wailesi zimagwira bwinobwino, chifukwa zimenezo zimamwa moto wochepa. Sitata ya lole imamwa ma amp mazana angapo, ndipo pamoto wochuluka choncho kadzimbiri kochepa polumikizira kamasanduka chipata chopapatiza. Muyesowu umagwira pokhapokha sitata ikukoka. Ukayeza lole ili chete supeza kanthu. Titamasula nthambo ya earth imene imachoka pa chassis kupita pa injini, tinapeza kuti pansi pa bawuti panali dzimbiri losakanikirana ndi penti yobiriwira ya asilikali ndi matope a zaka zambiri, ndipo timawaya ta m'kati mwa nthamboyo tinali titaduka pafupifupi theka, totsalato titasanduka tobiriwira. Malowo anali ofunda powagwira, chizindikiro chakuti moto unkasanduka kutentha pamenepo. Volt imodzi yotsalayo tinaipeza pa swichi yaikulu yodulira mabatire, poyeza pakati pa mabawuti ake awiri.

Tinapala chassis ndi sandipepa mpaka chitsulo chinawala, tinadula mbali yowola ya nthambo n'kuimanganso, ndipo mabawuti a swichi ija tinawatsuka n'kuwalimbitsa. Pakati pa kuyesa kulikonse amakanikowo ankandiletsa kugwira kiyi kupitirira masekondi 15, ndipo ankadikira mphindi ziwiri kuti sitata izizire, chifukwa sitata inapangidwa kuti igwire ntchito kwa kanthawi kochepa chabe ndipo ilibe choiziziritsa. Ulendo wotsatira inazungulira mwamphamvu kuposa mmene ndinaimverapo chigulireni loleyo, utsi woyera unatuluka, ndipo injini inagwira. Tinafika ku Chinkhoma dzuwa litapendeka.

Komabe kugunda kumodzi kuja sikunathe. Masiku atatu otsatira kunabweranso kawiri, ngakhale ndinali nditagula kale mabatire awiri atsopano ofanana. Apa tsopano panali chifukwa chomveka chomasulira sitata, ndipo tinachita zimenezi pagalaja ya amakanikowo ku Kasungu boma, titayamba tachotsa nthambo ya negative pa batire. M'kati mwa solenoid muli kambale ka mkuwa kamene kamakankhidwa kuti kagunde mitu ya mabawuti awiri, ndipo moto wonse wa sitata umadutsa pamenepo. Kambaleko kanali kakuda ndi kokumbikakumbika ngati nsima ya dzana yojompholedwa ndi nkhuku. Iwo anandifotokozera kuti kupsa kumeneku kunabwera chifukwa cha miyezi ija ya moto wochepa: solenoid ikamakoka mofooka, kambale sikakanikiza mokwanira, ndipo pakugogoda kulikonse pamathetheka moto umene umadya mkuwa. Choncho sitata inalidi ndi bala, koma bala lake linachokera ku batire ndi nthambo, ndipo ndikanagula sitata yatsopano tsiku loyamba lija, nayonso ikanapsa chimodzimodzi patapita miyezi ingapo. Anatembenuza kambaleko kuti kagwiritse mbali yake yosalala, anapala mitu ya mabawuti, anasintha mabulashi anayi amene anali atafupika, natsuka mkuwa wa pa armature, mbali yozungulira ya sitata, pomwe mabulashi amakhudza. Ndimakonda masitata akale chifukwa cha chimenechi, kuti pafupifupi chilichonse cha m'kati mwake chimamasulika ndi kukonzeka.

Njira zitatu zimene anthu anandiuza m'mawa uja ndaziganizira kwambiri, chifukwa zonse zimagwiradi nthawi zina, ndipo n'chifukwa chake anthu sazisiya. Kumenya sitata ndi hamala kumagwedeza mabulashi otha kapena okakamira kuti akhudze, ndipo kungakutulutse m'tchire kamodzi, koma lole imene imafuna hamala m'mawa uliwonse ikunena poyera kuti mabulashi atha. Kugunditsa mabawuti a solenoid ndi sipanala kumadumpha kiyi ndi mawaya ake onse, koma munthu amakhala ali pafupi ndi tayala lakutsogolo, ndipo lole ikakhala m'giya imanyamuka naye ali pomwepo. Moto wa mabatire awiri akuluakulu umathanso kuwotcherera sipanala kuchitsulo kapena kutenthetsa mphete yapachala mpaka kupsereza mnofu, ndipo kuthetheka kwa moto pafupi ndi mabatire n'koopsa popeza amatulutsa mpweya woyaka akamatchajidwa. Kukankha ndiye kumene kumandiopsa koposa. Injini yakaleyi ilibe kompyuta ndipo ikhoza kugwira poikankha, koma mabuleki ake amathandizidwa ndi mphepo imene imapopedwa injini ikamalira. Lole imene yagona usiku wonse, makamaka yakale imene mapaipi ake amafwefwentha pang'ono, imatha kudzuka matanki a mphepo ali opanda kanthu. Kuitsetsereza pamtunda itasenza mabelo, ana a m'mudzi akuthamanga m'mbali mwake, ndi chinthu chimene sindingalole ngakhale fodya atachedwa sabata yonse.

Wailesi ndi potchajira mafoni tsopano zimatenga moto kudzera pa kachipangizo kotsitsa mphamvu kuchoka pa 24 kufika pa 12, kamene m'masitolo amakatcha converter, ndipo kamakoka mofanana m'mabatire onse awiri. Nthambo ya earth ndinaisintha ndi yatsopano yonenepa ngati ya positive, polumikizira ponse ndinapaka girisi pang'ono nditamanga, ndipo ndinagula kamita kanga kamene kamakhala m'kabini. Loweruka lililonse m'mawa, injini isanalire, ndimayeza batire lililonse palokha n'kulemba manambalawo kumapeto kwa buku la maulendo, ndipo mpaka pano awiriwo akuyendera limodzi.

Pali chinthu chimodzi chimene tinachiona sitata itachotsedwa chimene sitinachikonze. Amakanikowo anaunika ndi tochi pabowo lolowera bendix, mnyamata akuzungulitsa injini pang'onopang'ono, ndipo mano a flywheel anali odyeka m'malo atatu otalikirana mofanana. Anati injini ya masilinda 6 imakonda kuima pamalo atatu omwewo nthawi zonse ikazimitsidwa, choncho bendix imamenya mano omwewo chaka ndi chaka pomwe ena onse ali ngati atsopano. Kusintha mkombero wa manowo kumafuna kutsitsa giyabokisi, ntchito ya masiku angapo, ndipo iwo anaweruza kuti manowo apirira mpaka msika utatsekedwa. Tinapangana kuti loleyo ilowe m'galaja mu Okutobala, ndikamaliza kututa chimanga ndi mtedza wa anthu a ku Wimbe ndi Mtunthama, kuti ituluke mvula yoyamba isanagwe ndi maulendo a feteleza asanayambe.